Waya Wopita Kunyumba ya Kuseri

Ana anga, mwandiuza kangapo kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale, ndipo amayi anu akuti ndifulumire chifukwa ndayamba kale kufunafuna magalasi ali pamphuno. Za ubwana ndazidumpha dala. Sukulu ndinalekera panjira, zotsalazo ndinaphunzira m'mabuku amene anthu ena anataya. Mutu uno ndi wa mawaya: amene ndinamanga, amene ndinamasula, ndi mmodzi amene alongo anga aakulu, azakhali anu a Felesiya, sanandikhululukire mpaka lero. Ndikufuna mumve nkhaniyi kwa ine, musadzaimve kwa ena pamaliro anga.

Chaka chimene ndinalembedwa ntchito

Ntchito yanga yoyamba ku matelefoni kuno ku Chipata inali yokumba maenje a mapolo. Sanandifunse satifiketi, anangoyang'ana mapewa. Kapitawo wathu anali a Zulu, munthu wamfupi wa mawu aakulu, ndipo dzenje ankaliyeza polowamo okha. Likawafika m'chiuno ankati lakwana. Ife tinkathokoza Mulungu tsiku lililonse kuti sanatipatse kapitawo wamtali.

Kuseri kwa nyumba yosungira zipangizo kunali katoni ya mabuku ophunzitsira amisiri, onyowa ndi mvula, chiswe chitadya m'mbali. Ndinawapempha, ndipo a Zulu anati nditenge ngati ndikufuna kukolezera moto. Ndinkawawerenga nthawi yopuma masana, dikishonale pambali, anzanga akusewera nsolo. Masamba ena munalibe, choncho nzeru zanga zinakula ndi mabowo, ndipo ena alipobe. Komabe patapita zaka zitatu ndinasiya khasu n'kuyamba kukwera mapolo, ndipo ndinkatha kumva ndi khutu lokha kuti laini yadwala pati. Chinthu chachiwiri chimene ndinaphunzira sichinali m'mabuku. A Zulu ankatiuza kuti boma linatilemba manja, silinatilembe pakamwa. Phunziro limenelo ndinakhoza bwino kuposa onse. Ndinakhala munthu wa inde bwana, ndipo mabwana ankandikonda monga munthu amakondera njinga yosavuta.

Zaka za ku Chipangali ndi ku Mwami

Atanditumiza kuyang'anira laini ya ku Chipangali inali nthawi ya kusowa kwa chilichonse. Galimoto inalipo koma mafuta kunalibe. Mafuta akabwera, matayala atha. Ndinkayenda pa njinga, makwerero paphewa, kudutsa m'minda ya chimanga ndi nshawa, ndipo waya watsopano sindinamuone zaka zingapo. Tinkawongola wakale ndi miyala n'kulumikiza tizidutswa, moti laini ina inali ndi mfundo zambiri kuposa waya weniweni. Anthu a m'midzi ankandipatsa nshawa ndi mbatata, ankanditcha a Telefoni, ndipo ine ndinkadzimva ngati dokotala.

Kumapeto kwa laini ina kunali kachipatala kakang'ono, komwe kunali mzamba mmodzi, mayi wachikulire. Tsiku lina bwana wa m'tauni, amene dzina lake sindilemba, anandituma kuti ndikamasule waya wopita kukachipatalako ndikamange kufamu ya munthu wina wolemekezeka amene ankafuna foni. Ndinapita. Ndili pamwamba, mzamba uja anaima pansi pa mtengo, manja m'chiuno, n'kundifunsa kuti mayi akavutika pobereka ambulansi aiitana ndi chiyani. Ndinawauza kuti ndi za milungu iwiri yokha, waya wina ali m'njira. Sanandikalipire. Anangonditsira madzi akumwa m'kapu n'kundidikira kuti nditsike. Ndinapuma ntchito waya uja asanabwerere.

Ku Mwami ndinakhalako zaka zomaliza. Pachipata cha m'malire pankakhala phokoso la malole ndi amalonda, ndipo madalaivala ankaima pamzere kuti aimbire mabwana awo. Kenako kunabwera mafoni a m'manja, mzere uja unafupika mpaka unatha, akuba anamaliza mawaya amene anatsala, ndipo ife tinapatsidwa makalata otithokoza. Ndinabwerera kunyumba ndi pulayasi yanga ndi mabuku aja, ndikuganiza kuti za mawaya ndathana nazo.

Chaka chimene Yohane anamwalira

Mukudziwa kuti puloti yathu ili ndi nyumba ziwiri, yanga kutsogolo, ndi ya mng'ono wanga Yohane kuseri. Yohane atamwalira anasiya mkazi wake, amayi anu aang'ono a Esnati, ndi mwana mmodzi, Tionenji. Inu munali kutali ndi ntchito zanu, ndipo munangouzidwa kuti pali kusamvana pang'ono. Sikunali pang'ono. Itafika nthawi yosudzula wamasiye, a Felesiya anabwera kuchokera ku Chipangali ndi akuluakulu ena a banja, ndipo ananena kuti a Esnati amasulidwa, abwerere kwawo ku Kasenengwa, m'nyumbamo mulowe mwana wa a Felesiya amene anali atapeza ntchito m'tauni. A Esnati anagwada bwinobwino, anawomba m'manja, n'kukana. Anati njerwa za nyumba imeneyo anaumba ndi manja awo ali ndi pakati pa Tionenji, ndipo sachoka.

Akuluakulu ankadziwa kuti akapita kukhoti sapambana. Choncho anagamula kuti a Esnati asalidwe mpaka atope okha. Wa m'banja asalowe m'nyumba mwawo, asawabwereke kanthu, madzi a pampope wanga asatunge. Pakati pa nyumba ziwirizi panamangidwa khoma la njerwa. Ine ndinali pomwepo, mkulu wake wa malemu, mwini puloti, ndipo ndinayang'ana nsapato zanga mpaka msonkhano unatha. Sindikudziikira kumbuyo, koma mudziwe chimene a Felesiya ali kwa ine. Amayi otibereka atamwalira ndi iwo anandilera. Sukulu yochepa imene ndinaphunzira inachokera ku nshawa zimene ankasenza pamutu kupita nazo kumsika. Munthu wotere akalankhula, mawondo ako amamvera iwe usanaganize.

Zinatha zaka zitatu. A Esnati ankakatunga madzi kwa anthu a tsidya la msewu, mpope wanga uli pafupi poti akanatha kuumva ukudontha. Tikakumana pageti ndinkatsokomola, iwo n'kutsokomolanso, moni wathu unali umenewo. Amayi anu ankati ndikapitiriza anthu ayamba kunditengera kuchipatala.

Chaka chachitatu khoma litamangidwa

Iwe Dalitso ndiwe unayambitsa zonse osadziwa, pamene unatitumizira kabokosi ka intaneti kaja, rauta, kuti tiziona adzukulu pafoni. Ndinakaika pawindo la chipinda chochezera, komwe netiweki imagwira bwino, ndipo pasanathe mlungu ndinali nditasanduka munthu wosamva kuitana. Ndinapeza laibulale yopanda chiswe. Ndinawerenga za njuchi, za nyenyezi, za matenda onse amene ndilibe. Amayi anu ankati anakwatiwa ndi munthu wa mabuku, tsopano akukhala ndi munthu wa chala chimodzi.

Ndi amayi anu omwewo amene anabwera ndi nkhani kuchokera kumphakati, chifukwa lamulo la banja silinafike kumapemphero a amayi. Tionenji anali atayamba maphunziro a uphunzitsi ophunzira ali kunyumba, ndipo makalasi ndi mayeso ankachitika pa intaneti. Nyumba ya kuseri ili motsika, netiweki ya foni imangobwera ikafuna. Mayeso amodzi anali atamudutsa kale chifukwa zinaduka ali pakati polemba, ndipo anamuchenjeza kuti zikachitikanso amuchotsa. Mayeso ena anali atatsala milungu itatu. Amayi anu ananena zimenezi akusankha nyemba, osandiyang'ana, kenako anafunsa ngati njuchi zanga zili bwino.

Njira yanga yoyamba inali ya munthu wamantha wophunzira. Ndinalemba mawu achinsinsi a rauta pakapepala, amayi anu n'kukapereka kumphakati. Ndinadziuza kuti sindinaphwanye lamulo, pakuti intaneti ya rauta imayenda mumphepo, ndipo mphepo ilibe geti, palibe amene angaione ikudutsa. Koma mphepo ija inakana kundithandiza kunama. Makoma awiri a nyumba, khoma la pakati ndi malata zinaimeza yonse. Malo okhawo amene inkagwira anali kuseri kwa chimbudzi chawo, ndipo tsiku lina ndikuthirira ndiwo ndinamva mawu a mphunzitsi akuchokera kumeneko. Ndinasuzumira pamwamba pa khoma. Mwana wa Yohane, mtsikana wamkulu woti n'kukhala ndi banja lake, anali ataika kompyuta pamgolo, ataima padzuwa la Okutobala atafunda chitenje kumutu kuti aone zolembedwa. Mayeso a maola atatu sakanalembera pamenepo.

Ndinawerenga masiku awiri n'kupeza kuti mankhwala ake ndi waya. Umatenga waya wa netiweki kuchokera pa rauta yoyamba kukafika pa rauta yachiwiri m'nyumba inayo, ndipo yachiwiriyo imagawira mphepo yake kumeneko. Ndinagula rauta yakale kwa wokonza mafoni kumsika, ndi waya zidutswa ziwiri, chifukwa wautali wokwanira panalibe. Apa ndi pomwe ukatswiri wanga unandigwetsa. Ndinasenda zidutswa zija, ndinapeza timawaya tisanu ndi titatu ta mitundumitundu, ndipo ndinatipota tiwiritiwiri ndi pulayasi n'kukulunga tepi, mfundo yokongola ngati za ku Chipangali. Sizinagwire. Ndinamasula, ndinapotanso mwaluso kuposa poyamba, osagwira. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti waya ameneyu safuna mfundo za telefoni, amafuna akhale wathunthu, ndi timitu tapulasitiki tofinyira kumapeto motsata mitundu yake. Zaka zonse zija za ntchito zinangondithandiza kulakwitsa molimba mtima. Nditapeza waya wathunthu panabuka vuto lina: marauta awiriwo ankalimbirana kugawa manambala kwa mafoni, aliyense akudziyesa kapitawo, mpaka ndinalowa m'kati mwa yachiwiri n'kuiuza kuti ntchito imeneyo isiyire inzake. Ndinayesera zonse pansi m'chipinda chochezera, amayi anu akudumpha waya ndi beseni, ndipo tinyale tonse tinayaka tobiriwira.

Panatsala funso limodzi, loti waya adutsa pati. Zonse zimene ndinawerenga zinkati waya wopita nyumba ina umuike m'paipi n'kukwirira pansi, chifukwa wapamwamba amaitana mphezi. Ine ndemwe ndinkadziwa zimenezo kuposa olembawo, ndaona mafoni atapsa ambiri pansi pa mapiri a kuno. Amayi anu anati ndikwirire, ndidutsitse pansi pa khoma kuseri kwa nthochi, palibe adzadziwe. A Esnati nawo anatumiza mawu kudzera mwa amayi anu kuti akuthokoza, koma ndibise kapena ndingosiya, safuna kuti ndidane ndi alongo anga chifukwa cha iwo. Sayansi, mkazi wanga ndi wamasiye, onse anagwirizana. Sizichitika kawirikawiri.

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kuyamba ngalande. Nditafika pakati ndinakhala pansi kuti ndipume, ndipo ndinadziona bwinobwino: nkhalamba ikukwawa kuseri kwa nthochi papuloti yake yomwe, kubisa thandizo lopita kwa mwana wa mng'ono wake ngati ikubisa katundu wakuba. Ndikakwirira, ndiye kuti ndavomereza kuti khoma lija ndi lolungama ndipo wolakwa ndine. Tionenji akanalemba mayeso ake, inde, koma amayi ake akanapitiriza kuwoloka msewu ndi ndowa, ine n'kumatsokomola pageti. Ndinakumbukira mzamba uja ndi kapu yake ya madzi. Nthawi ija ndinali ndi bwana woti ndimunamizire. Tsopano ndinali pa penshoni, wondichotsa ntchito panalibe, ndipo ndinali ndikuopabe.

Ndinafotsera ngalande ija. Ndinakagula mtengo wa bulugamu wautali, ndinaupaka oyilo wakuda kunsi kuti chiswe chisaudye, n'kuuimika pafupi ndi khoma, poonekera kumsewu. Amayi anu anagwira makwerero uku akundiwerengera matenda anga onse mokweza, kuti ndikagwa anthu adziwe kuti anandichenjeza. Ndinakoka waya kuchokera pakhonde langa, kudutsa pamwamba pa khoma, kukafika pakhonde la Yohane, ndipo ndinamukoka mowongoka bwino, chifukwa ngati anthu akuti akunene, akunene pa ntchito yooneka. Kenako ndinazungulira kugeti la a Esnati, chiboolero m'manja, n'kuodira.

Anatsegula ali ndi mantha, chifukwa munthu amene sanaponde pakhomo pako zaka zitatu amabwera ndi uthenga wa maliro.

"Alamu, kwagwanji?"

"Sikunagwe kanthu. Ndabwera kudzaboola khoma la nyumba yanu."

Anayang'ana chiboolero, anayang'ana waya ali lende pakhonde, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse. Anandifunsa ngati uthenga wawo woti ndibise sunandipeze. Ndinati unandipeza.

"Ndiye lowani," anatero, "koma muvule nsapato, ndakolopa."

Tsiku lomwelo ndinawauzanso kuti mpope uli pomwe unali, ndipo geti langa silikhala lokhoma masana.

Lamlungu lachiwiri waya atamangidwa

Nkhani inafika ku Chipangali msanga kuposa intaneti. A Felesiya anabwera Lamlungu masana, atavalabe za kutchalitchi. Amayi anu anatulutsa mpando, iwo anaukana. Anakaima pansi pa mtengo wa bulugamu uja, anayang'ana waya kuchokera mbali ina mpaka inzake, nthawi yaitali. Kenako anayamba. Anandikumbutsa za msana umene unandibereka, za nshawa, za tsiku limene anandigulira nsapato zoyamba iwo akuyenda chosavala. Zonse zinali zoona ndipo sindinatsutse ngakhale chimodzi. Anati banja linagamula ine ndili pomwepo, ndipo ngati ndinali ndi mawu ndikanalankhula tsiku lomwelo. Chimenechonso chinali choona, ndipo chinandipweteka kuposa zonse.

Atatopa anatsitsa mawu, n'kulankhula ngati kale ndili mwana.

"Lameki, ukanakwirira pansi ine ndikanayang'ana kumbali. Ukuganiza kuti sindikudziwa kuti mwanayo ndi magazi athu? Koma iwe wapachika pamwamba, kuti aliyense wodutsa aziona kuti mawu a Felesiya ndi mphepo."

"N'chifukwa chake sindinakwirire, alongo. Osati kuti ndikunyozeni. Koma Esnati sanabe nyumba, ndipo ine sindikuba pomuthandiza."

"Uchotse. Ukapanda kuchotsa, pakhomo pano sindidzapondanso."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaima ngati msilikali. Zoona zake n'zakuti mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Ndakumverani moyo wanga wonse, ndipo zambiri ndidzakumveranibe. Waya uyu sachoka."

Anatola chikwama chawo. Ndinawaperekeza mpaka pokwerera basi, iwo patsogolo ine pambuyo. Basi itabwera ndinawanyamulira chikwama, ndipo analola.

Kuyambira pamenepo mpaka lero

Tionenji analemba mayeso ake atakhala pampando, m'nyumba ya atate ake, ndipo anamaliza maphunziro. Pano akuphunzitsa ku Kasenengwa, kumene banja linkafuna kuthamangitsira amayi ake, koma iye anapitako ndi kalata ya ntchito. Khoma likadalipo chifukwa ndilibe mphamvu zoligwetsa, koma ndinachotsapo njerwa zokwanira kuti munthu adutse ndi ndowa.

Za mphezi, mabuku sananame, ndipo ndilembe poyera kuti amayi anu asangalale. Mvula yoyamba ya chaka chomwecho inapsereza rauta ya kuseri, ine n'kukagula ina mwakachetechete. Kuyambira pamenepo mitambo ikangoda kumapiri ndimazula waya mbali yanga n'kuitana a Esnati kuti azule mbali yawo, ndipo iwo amayankha kuti azula kalekale, akatswiri ndi amene amachedwa. Ena amandifunsa kuti popeza mwana anamaliza, bwanji osatsitsa wayayo kuti mtendere ubwerere m'banja. A Esnati amangomugwiritsa ntchito poona nkhope ya mwana wawo Loweruka. Ndimawayankha kuti mtendere umene ukufuna kuti wamasiye abisike ndinaukhalamo zaka zitatu, ndikuudziwa kukoma kwake. Inunso ana anga, puloti iyi ikadzakhala m'manja mwanu, wina adzabwera ndi mawu okoma onena za nyumba ya kuseri. Mudzamuyankhe masana, pageti, anthu akumva.

A Felesiya asunga mawu awo, ndipo sindinayembekezere zina, tinabadwa mimba imodzi. Pakhomo pano sanapondepo. Ine ndimapita ku Chipangali miyezi iwiri iliyonse ndi shuga ndi mankhwala awo a miyendo. Amandilandira bwino, amandiphera nkhuku, timakamba za mvula, za mitengo ya feteleza ndi za anthu amene amwalira. Za a Esnati satchula. Ulendo wathawu ndinawapeza atafooka, moti pondiperekeza anangofika pamtengo wa mango n'kukhala pansi. Ndinagwada kuti nditsanzike, ndipo anandifunsa funso limene amandifunsa ulendo uliwonse.

"Wachotsa?"

"Ayi, alongo."

Anagwedeza mutu, anandikonza kolala ya malaya, n'kunena kuti ndifulumire basi ingandisiye.